Pa 6 Julayi: zina zinangokumana, zina anachita kuzikumanitsa

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Iye akuti: "Mwana wathu woyamba anabadwa pa 6 Julayi. Mayi anga akuti ameneyu adzakhala mtsogoleri chifukwa wabadwa tsiku la ufulu. Tsiku lomwelo ndinamva pa wailesi akutchula zinthu zambirimbiri zimene zinachitika pa detili, ndi anthu otchuka amene anabadwapo. Kodi zenizeni ndi ziti? Nanga zimangochitika kuti zinthu zikuluzikulu ziunjikane pa tsiku limodzi, kapena tsikulo lili ndi kanthu? Ndikufuna ndikafotokozerenso ana anga a Sitandade 8."

Aphunzitsi, tithokoze Chauta kuti mayi a kunyumba anachira bwino. Agogo a mwanayo musawatsutse msanga, chifukwa penapake akunena zoona: kuno kwathu 6 Julayi si deti wamba. Kungoti kulemera kwakeko sikunagwe kuchokera kumwamba. Anthu anachita kulisankha, kenako n'kumabwererako dala. A pa wailesi aja amangowerenga mondondoza ngati zonse n'zamtundu umodzi, chonsecho zina zinangokumana panjira, zina pali amene anakhala pansi n'kuzikumanitsa. Ana anuwo akadziwa kusiyanitsa ziwirizi, ndiye kuti aphunzira mbiri, osati kungoloweza madeti.

Tiyambire pa Chileka. Lamlungu pa 6 Julayi 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege atatha zaka zoposa 40 ali kunja, ku South Africa, America, Britain ndi Ghana. Anamuitana anali anyamata a Nyasaland African Congress, a Henry Masauko Chipembere, a Kanyama Chiume ndi anzawo. Iwo ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsatire ana aang'ono ngati iwowo, pankafunika munthu wachikulire, wophunzira, woti azungu sangamuderere. Chimene chinkawawa aliyense chinali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anachikhazikitsa mu 1953 eni dziko akukana. Kufika tsiku limenelo, 6 Julayi analibe dzina m'mitima ya anthu. Linali tsiku limene ndege inatera, basi.

Zotsatira zake mumaziphunzitsa kale, ndingodutsamo. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, Congress inaletsedwa, anthu anaomberedwa ku Nkhata Bay ndi malo ena, ndipo Kamuzu anakamutsekera ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe. Anatuluka pa 1 Epulo 1960. Malawi Congress Party, imene a Orton Chirwa ndi anzawo anaiyambitsa iye ali m'ndende, inapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961. Pa 1 Febuluwale 1963 anakhala nduna yaikulu, ndipo chitaganya chinatha pa 31 Disembala chaka chomwecho. Taonani kuti madeti oyenera kukhala a ufulu analipo angapo. Panali 3 Malichi, tsiku la magazi. Panali 1 Januwale 1964, tsiku loyamba kudzuka popanda chitaganya. Koma atagwirizana ndi a ku London, deti limene linatuluka linali 6 Julayi 1964, zaka 6 ndendende chitsikire Kamuzu pa Chileka.

Usiku wa Lamlungu kuchera Lolemba, pabwalo la masewera ku Blantyre, mbendera ya Britain inatsika ndipo ya dzuwa lotuluka inakwera. Prince Philip anabwera kudzaimira mkazi wake, Mfumukazi Elizabeth. Apa ana ambiri amasokoneza pa mayeso: mu 1964 Kamuzu sanakhale pulezidenti. Elizabeth anakhalabe mutu wa dziko, Glyn Jones akumuimira ku Zomba, Kamuzu ali nduna yaikulu. Upulezidenti unabwera pa 6 Julayi 1966, dziko litasanduka lipabuliki, ndipo malamulo atsopanowo analola chipani chimodzi chokha. Kenako pa 6 Julayi 1971 analumbira kukhala pulezidenti wamuyaya.

Mukawalembere anawo pa bolodi zaka zinayizi, 1958, 1964, 1966 ndi 1971, n'kuwafunsa chimene chikuzilumikiza. Si nyenyezi ayi. Ndi munthu mmodzi amene ankadziwa bwino mphamvu ya deti. Ine ndimaona kuti linali luso la ndale, ndipo linagwira. Kwa zaka 30 munthu sakanatha kusangalalira dziko osasangalalira Ngwazi, poti kubwera kwa iye, kubadwa kwa dziko ndi ulamuliro wake wosatha zonse zinali pa tsiku limodzi. Amayi a mbumba akamavina pabwalo, panalibe wofunsa kuti kodi tikuvinira chiti mwa zitatuzi. Ndipo kufunsako kukanakugonetsa kumene sunafune.

Deti lotere limaphimba ena, ndipo inu a ku Lizulu simufunika kupita kutali kukafuna umboni. Mu 1953, kutatsala zaka 5 kuti ndege ija itere, Inkosi Philip Gomani II anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma a za ulimi, posonyeza kukana chitaganya. Boma linamuchotsa pampando n'kulamula kuti achoke m'boma la Ntcheu. Apolisi atafika pa Lizulu anthu sanalole, ndipo inkosiyo, ikudwala, inadumpha malire kulowa mu Mozambique limodzi ndi m'busa wa ku Britain, Michael Scott. Apwitikizi anawagwira n'kuwabweza. Gomani anamwalira mu 1954 osabwereranso paufumu. Bambo ake, Gomani Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Masiku amenewo palibe amene amapuma ku ntchito, koma mwana wa ku Ntcheu ayenera kudziwa kuti kukana kunayamba kale, ndiponso kuti kwina kumene kunayambira n'kwawo komweko.

Chisangalalo cha 1964 nachonso sichinakhalitse. Pasanathe miyezi iwiri nduna zinayambana ndi Kamuzu pa nkhani ya tiki (mapeni atatu) imene odwala ankayenera kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ndi ubwenzi wake ndi Apwitikizi amene ankalamulira tsidya lina la msewu wanuwo. Mu Seputembala anachotsa a Orton Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Chipembere anatula pansi maudindo. Omwe aja anamuitana anathawa m'dziko. A Chipembere anafera ku America mu 1975, a Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Kusankha deti dala si nzeru ya Kamuzu yekha. Tsidya la msewu, Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975 chifukwa Frelimo inakhazikitsidwa pa 25 Juni 1962. Ghana inasankha 6 Malichi 1957 pokumbukira pangano limene mafumu a m'mphepete mwa nyanja anasainirana ndi Britain pa 6 Malichi 1844. Kwathu kuno, a Lazarus Chakwera analumbira pa 28 Juni 2020, koma mwambo wolandira lupanga la ulamuliro anauika pa 6 Julayi, ngakhale kuti mliri wa Covid-19 unachititsa kuti uchitikire ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu ochepa. Zonsezi n'zokumanitsa. Chimene ine ndimachiika m'gulu la zongokumana ndi cha 1907: pa 6 Julayi chaka chimenecho, lamulo lochokera ku London linasintha dzina la dziko lino kuchoka pa British Central Africa kukhala Nyasaland. Dzina la Nyasaland linabadwa ndi kufa pa deti limodzi, litakhala zaka 57. N'zokoma kuzinena, koma amene ankavina mu 1964 ankakumbukira Chileka, osati pepala la atsamunda.

Pa zakunja zonse, chimene ine ndingaike patsogolo n'chimene chinachitika ku Paris pa 6 Julayi 1885, chifukwa chikugwirabe ntchito mpaka lero mwana akalumidwa ndi galu ku Tsangano kapena ku Kasinje. Mayi wina wa ku Alsace, dera la m'malire a France ndi Germany, anafika kwa katswiri wa sayansi Louis Pasteur ndi mwana wake wa zaka 9, Joseph Meister, amene masiku awiri m'mbuyomo galu wachiwewe anamuluma malo 14. Pasteur anali ndi katemera, koma anali atamuyesa makamaka pa nyama. Ankatenga mtsempha wa mumsana wa akalulu odwala chiwewe n'kuuyanika, ndipo ukauma masiku ambiri ukali wa matendawo unkachepa. Poti iye sanali dokotala wa anthu, jakisoni anabaya ndi Dr Jacques-Joseph Grancher. Anayamba ndi wofooketsetsa n'kumawonjezera mphamvu, mpaka majakisoni 13 pasanathe milungu iwiri. Mwanayo sanadwale. Atakula anakalembedwa ntchito yoyang'anira pakhomo pa Institut Pasteur pomwepo.

Chinsinsi chake n'chakuti kachilombo ka chiwewe sikathamanga. Kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kuchoka pa bala kupita ku ubongo, nthawi zambiri milungu ingapo, mwina miyezi. Katemera amadzutsa chitetezo cha m'thupi kachilomboko kadakali panjira. Koma munthu akayamba kuopa madzi ndi kubwebweta, ndiye kuti kafika, ndipo pamenepo ngakhale madokotala a lero amagwira njakata. N'chifukwa chake wolumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenga. Ichi mukawauze ana anu ngakhale zina zonse mutaziiwala. Tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse si 6 Julayi ayi, ndi 28 Seputembala, tsiku limene Pasteur anamwalira mu 1895. Lija linangochitika, ili anachita kusankha.

Mu Africa muno tili ndi anzathu okondwerera nawo limodzi. Zilumba za Comoros, zimene zili m'nyanja pakati pa Mozambique ndi Madagascar, zinalengeza ufulu wochoka m'manja mwa France pa 6 Julayi 1975. Chilumba chimodzi, Mayotte, chinatsalira ku France mpaka lero, ndipo mtsogoleri woyamba, Ahmed Abdallah, anamulanda boma pasanathe mwezi. Ku Nigeria 6 Julayi ndi tsiku la misozi: mu 1967 asilikali a mtsogoleri wa dzikolo, Yakubu Gowon, anayamba kumenyana ndi dera la kum'mawa limene Odumegwu Ojukwu analitcha Biafra. Nkhondoyo inatha mu Januwale 1970, ndipo owerengera ambiri amati anafa anthu oposa miliyoni imodzi, ochuluka ndi njala. Ifenso tili ndi chilonda pa detili. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, mwa iwo ana 7, anafa popondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, akuthamangira kukaonera mpira wa tsiku la ufulu. Wonena kuti tsikuli ndi la mwayi akumbukirenso makolo a ana amenewo.

Akhristu ali ndi atatu. Jan Hus, wansembe wa ku Prague amene ankadzudzula zochita za akuluakulu a mpingo zaka 100 Martin Luther asanatulukire, anamuwotcha ku Konstanz pa 6 Julayi 1415, ndipo ku Czech Republic tsikuli ndi holide. Thomas More, amene anali nduna ya Mfumu Henry VIII, anamudula mutu ku London pa 6 Julayi 1535 chifukwa chokana kuvomereza kuti mfumu ndiyo mutu wa mpingo. Wachitatu mumamudziwa ngakhale simunawerengepo za iye, chifukwa dzina lake lili m'kaundula wa kalasi yanu. Maria Goretti, mtsikana wa ku Italy wa zaka 11, anamwalira pa 6 Julayi 1902 atabayidwa ndi mnyamata amene ankafuna kumugwirira. Chaka chimenecho n'chomwe ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua ku Dedza. Papa Pius XII anamulengeza woyera mu 1950, ndipo Akatolika amamukumbukira pa 6 Julayi, poti mwambo wawo nthawi zambiri umatenga tsiku limene woyera anamwalira. More yekha anamusunthira pa 22 Juni, kumuphatikiza ndi mnzake John Fisher amene anaphedwa tsiku limenelo.

Pa Hus ndi More pali kamsampha. Kalendala imene tili nayoyi inayamba mu 1582, Papa Gregory XIII atalamula kuti yakale ikonzedwe. Ya Julius Caesar inkatalikitsa chaka ndi mphindi pafupifupi 11, ndipo timphindi timeneti titaunjikana kwa zaka mazanamazana tinakwana masiku 10. Anthu a ku Rome, Spain ndi Portugal anagona Lachinayi pa 4 Okutobala n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Britain inakana za Papa mpaka 1752, pamene inadumpha masiku 11, ndipo Russia inadikira mpaka 1918. Ndiye mukawerengera ndi kalendala yathuyi, Hus anafa pa 15 Julayi, More pa 16 Julayi. Kwina zimatembenuka: mabuku a lero amati mfumu ya Russia, Nicholas I, inabadwa pa 6 Julayi 1796, koma amayi ake ankadziwa kuti anabereka pa 25 Juni. Choncho ngakhale mawu oti "tsiku lomwelo" amadalira kuti mukuwerenga pa khoma la ndani.

Tibwere kwa obadwa, poti n'kumene kuli mtima wa agogo. Tenzin Gyatso, Dalai Lama wa nambala 14, anabadwa pa 6 Julayi 1935 m'banja la alimi. Mu Malichi 1959, mwezi womwewo umene kuno anthu ankamangidwa, iye ankathawa ku Tibet kupita ku India, komwe akukhala chikhalire, ndipo mu 1989 analandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Pa 6 Julayi 1946 ku America kunabadwa ana awiri. Mmodzi ndi George W. Bush, pulezidenti kuyambira 2001 mpaka 2009, amene anayambitsa nkhondo ya ku Iraq mu 2003 ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa thumba la PEPFAR limene lathandiza kwambiri pa nkhani ya Edzi kuno kwathu. Winayo ndi Sylvester Stallone, amene anyamata a m'mavidiyo shoo amangomudziwa kuti Rambo. Woimba 50 Cent anabadwa tsiku lenileni limene Comoros inalengeza ufulu. Makhaya Ntini, amene ankaweta ng'ombe ku Eastern Cape asanakhale munthu wakuda woyamba kusewera kiriketi ya Test, mpikisano waukulu wa pakati pa mayiko, m'timu ya South Africa, ndi wa 6 Julayi 1977. Agogo akamva za Bush ndi Dalai Lama adzati mwaona, ndimanena ine. Muwauzenso za Rambo.

Masamu ake ndi awa, ndipo inu aphunzitsi simuvutika nawo. Masiku pachaka alipo 365 okha, pamene anthu padziko apyola 8 biliyoni. Mukagawa mupeza kuti deti lililonse lili ndi eni ake pafupifupi 22 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi 17.5 miliyoni, ndiye kuti obadwa pa 6 Julayi angakhale cha m'ma 48,000. Ntcheu yokha, ya anthu pafupifupi 660,000, ingakhale nawo 1,800, ndipo Dedza, ya anthu pafupifupi 830,000, oposa 2,200. Kubadwa sikugawikana ndendende chaka chonse, miyezi ina imachulukirapo, koma chithunzi chake n'chomwecho. Mwa 1,800 a ku Ntcheu amenewo muli alimi a kachewere, akabaza, anamwino, akaidi, ndipo mwina mfumu imodzi kapena ziwiri. Akanakhala kuti onse ndi atsogoleri, wotsogoleredwa akanasowa.

Pali masewera ena oti mukachite m'kalasi, ana adzakhala kukamwa kuli yasa. Muwafunse kuti pakufunika anthu angati m'chipinda kuti awiri apezeke obadwa deti limodzi. Ambiri adzati 365, ochenjera adzati 183. Yankho n'lakuti anthu 23 okha akwanira kuti mwayi upitirire theka, kutanthauza matimu awiri a mpira ndi woimbira wawo. Chimasokoneza n'chakuti aliyense amaganiza za tsiku lake, pamene funso likunena za awiri alionse. Pa anthu 23 mukhoza kupanga magulu a awiriawiri okwana 253, ndiko kuti 23 kuchulukitsa ndi 22 n'kugawa ndi 2, ndipo gulu lililonse lili ndi mwayi wake wofanana tsiku. M'kalasi ya ana 70, imene kwathu kuno si yachilendo, magulu otere ndi 2,415, ndipo mwayi woti mupezeke awiri ofanana ndi 99.9 pa 100. Muwaimiritse mwezi ndi mwezi, aliyense atchule deti lake. Simudzafika Disembala musanawapeze.

Mbiri ya dziko lapansi ndi kalasi ya ana osawerengeka, mipando n'kukhala 365 yokha. Deti lililonse limene mungatole lili ndi nkhondo yake, mfumu yake, woyera wake ndi woimba wake. Wokonza pulogalamu pa wailesi amachita ngati wogulitsa kachewere pa Lizulu, zikuluzikulu pamwamba pa ndowa, timbulumbulu pansi. Mawa lake pa 7 Julayi adzadzazanso ndowa ina chimodzimodzi. Ife timatchera khutu pa 6 Julayi chifukwa ndi lathu.

Nanga agogo muwayankhe chiyani? Ine sindingalimbane nawo. Makolo athu akhala akutcha ana maina potengera nyengo imene abadwira, a Mavuto, a Chimwemwe, a Mtendere, ndipo mwana akakula akumva kuti kwawo amamuyembekezera zabwino, mawu amenewo amamuumba kuposa kalendala. Ngati akufuna kumutcha Ufulu, asiyeni. Zimene ndingalosere molimba mtima n'ziwiri zokha: tsiku lake lobadwa lizidzakhala la holide, ndiponso, poti ndi Julayi wa ku Lizulu, lozizira koopsa.

Anthu otchuka nawonso amafuna kuti deti lawo linene kanthu, mpaka ena amalikonza. Frida Kahlo, mayi wojambula zithunzi wa ku Mexico, anabadwa pa 6 Julayi 1907, tsiku lomwe lija dziko lino linkatchedwa Nyasaland. Koma iye ankauza anthu kuti ndi wa 1910, chaka chimene kuukira boma kunayamba ku Mexico, kuti azioneka wobadwira limodzi ndi dziko latsopano. Louis Armstrong, katswiri woimba lipenga, anamwalira ku New York pa 6 Julayi 1971, kuno tikulumbiritsa wamuyaya. Moyo wake wonse ankati anabadwa pa 4 Julayi 1900, tsiku la ufulu wa America, koma atamwalira buku la ubatizo linaonetsa 4 Ogasiti 1901. Kamuzu mwini wake boma linkati anabadwa pa 14 Meyi 1906, ndipo masiku ano 14 Meyi ndi holide. Olemba mbiri amati cha m'ma 1898, ndipo atamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997, chikalata cha imfa chinati zaka 99. Ana anu achotsere okha.

Mwina munaona kuti pa mndandanda wa pa wailesi uja Amalawi akale anali osowa. Si kuti pa 6 Julayi kuno sikunkabadwa anthu a nzeru. Mndandanda wotere umadya zolembedwa, ndipo kuno kulemba tsiku lobadwa n'kwa dzulodzuloli. John Chilembwe timangoti anabadwa cha m'ma 1871, ndipo holide yake ya pa 15 Januwale si tsiku limene anaukira, poti kuukirako kunayamba pa 23 Januwale 1915. Amene ali ndi madeti odalirika ndi aja makolo awo anali pafupi ndi mishoni, monga Nzama, kumene Akatolika anafika mu 1901, kapena Mlanda, Mua ndi Bembeke, chifukwa ansembe ndi abusa ankasunga mabuku a ubatizo. Ngakhale pamenepo, kawirikawiri cholembedwa ndi tsiku la ubatizo, la kubadwa n'longoyerekeza. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 achikulire ambiri anachita kupenekera, ndipo mukayang'ana ziphaso zawo mudzadabwa ndi kuchuluka kwa obadwa pa 1 Januwale. Wanuyo mumutengere chiphaso cha kubadwa adakali wakhanda.

Makolo anali ndi njira yawo, ndipo olemba mbiri amailemekeza. Ankamangirira kubadwa kwa munthu pa chinthu chimene mudzi wonse sungaiwale. Angoni a Zwangendaba ankasimba kuti tsiku limene ankaoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera chobwerera anapeza kuti kadamsana ameneyo anachitika mu Novembala 1835, ndipo deti limeneli ndi limodzi mwa odalirika kwambiri m'mbiri ya dera lino atsamunda asanabwere. Angoni a kwa Maseko, a kwanuko, anadzera njira yawo pa nthawi ina, choncho musawaphatikize pofotokoza. Njira yomweyo ana anu akhoza kuigwiritsa ntchito. Muwatume akafunse agogo awo kuti anabadwa chaka cha chiyani. Ena adzati cha njala ya 1949, ija anthu a ku Blantyre ankabwera ku Ntcheu kudzasuma. Ena adzati chaka chimene anagwira Inkosi Gomani, ena chimene mapaundi ndi mashiling'i anatha n'kubwera kwacha mu 1971, ena chimene othawa nkhondo a ku Mozambique anayamba kudzaza m'midzi ya m'malire cha m'ma 1986. Chaka chikapezeka afunsenso kuti kumunda kunali chiyani: ankasosa, ankapalira, chimanga chinali chitamasula ngayaye, kapena anali atakolola kale. Pamenepo mwezi upezeka. Deti lenileni lokha nthawi zambiri silipezeka, ndipo muwauze anawo kuti malo amenewo asiye osalemba, asapeke.